Chitseko cha Pijo

Loweruka magetsi atathima ku Ulongwe
tinakhala pa matayala akutha kuseri kwa galaja,
ine sipanala ya nambala khumi ndi zitatu ili m'thumba,
mphepo ya Juni ikulowera m'mabowo a ovolosi.

Anayamba ndi Jeremiyasi, monga mwa masiku onse:
"Landilova yakale ija, ya tayala pamphuno,
matope a ku Tsangano inkawamwa ngati thobwa."
"Msiyeni uyo," anatero Adelito,
"galimoto ndi Datisani.
Matumba khumi a mbatatesi,
mbuzi pamwamba, apongozi kutsogolo,
mpaka kutsikira ku Tete osawira,
kumene ngakhale mwala umatuluka thukuta."

Anakangana za Bedifodi,
za Ifa ya utsi wakuda, yotsokomola isanalankhule,
za Benzi ya ku mishoni
imene inafa ndi ulemu wake wonse,
nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo.

Apo Nelito, mwana wa dzana,
anatulutsa foni yong'aluka galasi.
"Inu mukukamba za akamba. Taonani ichi. Migi!
Ikadutsa, phokoso lake limatsalira m'mbuyo
ngati galu wothamangira njinga.
Kuchoka pano kukafika ku Beira
ndudu yanu isanathe, madala."
Tinagundanitsa mitu. Inalidi yokongola:
kukamwa yasa ngati mlamba,
mapiko opindikira kumbuyo ngati a namzeze.

A Venansiyo sanasuzumire.
Ankapukuta Pijo yawo yoyera,
yobadwa bambo anga asanamere mano.

"Iwe waionera pagalasi," anatero.
"Ine ndinaimvera pansi,
nkhope mumzere wa chimanga, dothi m'kamwa,
mlongo wanga atandigwira mwendo.
Sindinafunse kuti ndi ya yani.
Ikamalira pamutu pako sufunsa fakitale.

Tinathawa usiku pa galimoto yomweyi, nyali zozima,
anthu khumi ndi anayi ndi makina osokera,
phiri la Domwe likutiperekeza kumbuyo.
Mafuta anathera pamtsinje. Tinakankha mpaka ku Dedza.
Zaka zisanu ndi ziwiri inagona pansi pa mkuyu wa eni,
ana a kumeneko akuiyendetsa ndi pakamwa,
vuuu, vuuu, osapita kulikonse."

Palibe anatsokomola.

"Tabwera. Gogoda apa."
Nelito anagogoda chitseko chakumanja: du, du.
"Tsopano ichi."
Chakumanzere chinayankha ndi mawu ena,
opepuka, ngati beseni.

"Titabwerako, dzimbiri linali litadya mbali yonseyi.
Chigambacho ndinagula kwa mkulu wina wa kumapiri,
anachitola kuthengo, nkufolera khola la nkhunda.
Phiko, mwanawe.
Chitsulo chosadziwa dzimbiri,
cha manambala amene sindinafune kuwerenga.
Ndinamupatsa tambala ndi batire lakufa.
Masiku atatu ndikuchisula ndi nyundo yamtengo
kufikira chinavomera kukhala chitseko.

Ndiye ndege yakoyo ndili nayo ine.
Imapita ku Lizulu tsiku la msika,
imanyamula kabichi ndi amayi a matumba.
Liwiro lake makilomita makumi anayi,
kukakhala kotsetsereka."

Jeremiyasi ndiye anayamba kuseka,
Adelito mpaka kugwa pa tayala.
Nelito sanaseke.
Foni anaibweza m'thumba,
dzanja nkulisiya pachitseko paja
ngati akumva kutentha kwa mwana wodwala.

Mwadzidzidzi magetsi anayaka,
kompulesa inabangula pakona,
ndipo ndinaona, ine ndekha mwina,
mapewa a a Venansiyo akutsika pang'ono,
maso akufuna mzere wa chimanga
pa simenti ya galaja.

Anadziwongola, nkupinda kansanza kawo kanayi.
"Iwe," anandiloza,
"nambala khumi ndi zitatu ija ili kuti?
Kabuleta sadzimasula yekha."