Ndime Yachisanu

Analowa nthawi ya nkhomaliro, magetsi atazima,
Okutobala atakhala pamalata a ofesi yathu ku Area 3
ngati mwini nyumba wodikira lendi.
Anapukuta thukuta ndi chipewa, nati:
Mayi, ndikufuna inshuwaransi ya kuzizira.

Yotamu Kapalamula, wa ku Mchesi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pa gireda.
Msewu wa ku Chinsapo anaupala kanayi,
mvula n'kuubwezera maenje ake kanayinso.
Tsopano amuitana kutsidya kwa nyanja, kumapiri oyera,
kukasalaza chipale chofewa usiku
ndi chigalimoto cha mapazi a katapila,
kuti kukacha anthu a ndalama atsetsereke pa timatabwa
osapunthwa.

Ine chipalecho ndinachionera pa kalendala.
Iye anachionera pafoni.
Awiri tonse, mabulauzi ndi malaya zitamata kumsana,
tinakhala pansi n'kuyamba kuchiika pamtengo.

Ndinati: pepala lotchipali ndi la alendo oyenda,
limalipira sutikesi yosowa, ndege yokusiyani,
m'mimba mukakana zakudya za eni ake.
Koma werengani ndime yachisanu.
Anaseka: Ndime ndimaidziwa ya kumunda,
chisanu ndimachidziwa cha Juni ku Dedza.
Ndinamuwerengera ndine, chala chili pa timalemba ting'onoting'ono:
wovulala akuyendetsa makina olemera,
wovulala ali pantchito yolipidwa,
wovulala pamwamba pa phiri,
kampani siimudziwa.

Ndiye kuti ine yense, mayi.
Inde bambo, inu yense.

Ndinatulutsa pepala lina, lokwera mtengo.
Helikopita yokutolani phiri likagumuka.
Chipatala cha kumeneko, komwe bandeji imodzi
ingagule njinga ya kabaza.
Zala zikafa ndi kuzizira, chala chilichonse mtengo wake.
Anatambasula dzanja lamanzere pa tebulo langa,
chala cha mkombaphala chothera pakati.
Ichi chinatsala ku Kanengo, anatero,
anandipatsa masiku atatu opuma ndi Fanta.

Tsamba lomaliza ndimaliwerenga mothamanga nthawi zonse.
Iye anandiimitsa.
Bwerezani pamenepo.
Kubweza thupi kumudzi.
Kunja minibasi inkaitanira anthu a ku Likuni.
Imeneyo musaichotse, anati,
kwathu ku Nathenje dothi ndi lofunda,
sindingakagone m'firiji mpaka kalekale.

Wolandira ndalama zikavuta?
Mwandida, Fomu 3, amafuna za unamwino.
Analemba dzinalo pang'onopang'ono
ngati akuwongola ngalande m'mbali mwa msewu.
Ndalama anazitulutsa m'sokosi,
zina za banki m'khonde ya akazi ake,
zina za njinga yamoto imene sadzaionanso.
Ndinawerenga kawiri. Zinali zonyowa.
Ndinadinda chidindo.

Usiku umenewo, magetsi atabwera ku Area 25,
ndinatsegula firiji, n'kupala ndi supuni
zoyera zomata m'mbali mwake,
ndinaziika pachikhatho, n'kuwerenga.
Pa makumi atatu dzanja linayamba kuluma.
Pa makumi asanu ndinazitaya m'sinki.

Lero ndi Januwale. Lingadzi wadzaza,
msewu wa ku Chinsapo wabwerera mwakale.
Kumeneko akuti dzuwa limaweruka msanga,
ndiye mwina pano akukwera phiri, nyali zili ngwee,
yekha, akusiya mizere kumbuyo kwake
ngati munda umene palibe adzadzalemo kanthu.

Fayilo yake ili m'kabati yachitatu, pansi.
Foni ikalira ndi nambala yaitali yachilendo
ndimayamba ndapukuta manja pa siketi.
Dzulo inali ya munthu wotaya sutikesi.
Pa ntchito yathu ino
kasitomala wabwino ndi amene sakuimbira.
Musandiimbire, a Kapalamula.
Mudzangobwera mu Epulo ndi zala zisanu ndi zinayi ndi theka
mudzandiuze ngati chimalira munthu akachiponda.