Madzi Obwerera Chambuyo

Bambo a Hasanthi, makina aja abwera.
Mwana wanu watumiza ndalama za miyezi isanu
zosokera makolala a malaya ku Katunayake,
ndipo Lachitatu kunafika mnyamata pa njinga yamoto,
Thusitha, wa kuseri kwa siteshoni ya Medawachchiya,
nabowola khoma pomwe munkapachika chikwakwa.

Ndi kabokosi koyera, kosaposa khanda.
Usiku kamalira ngati udzudzu wotsekeredwa m'botolo.

Ndinamufunsa kuti kamachita bwanji.
Anandionetsa kachikopa kokulungidwa
ngati tsamba la nthochi lisanatambasuke.
Akuti: Amayi, madzi mukawasiya okha
amalondola komwe kuli mchere,
ndiwo mtima wake.
Tsono pampu iyi imawakankha chambuyo,
kuwapanikiza pa timabowo
toti diso la singano n'chipata cha ng'ombe,
kuti adutse okha, ali maliseche,
katundu yense atsale kuseri.

Katundu wanji? ndinatero.
Iye anangoyang'ana chithunzi chanu pakhoma,
nkhata yamaluwa itafota,
napitiriza kumanga sikuluwu.

Zaka makumi atatu ndi zinayi munamwa pachitsime chathu.
Munkachokera kumunda wampunga thukuta lili kamukamu,
n'kupapira chikho chonse osapuma,
n'kunena kuti madzi otere ku Colombo kulibe.
Ketulo inkamera zoyera m'kati ngati laimu,
ine n'kumapala ndi supuni, osaganiza kanthu.
Kenaka mapazi anatupa. Nsapato zinakukanani.
Kawiri pasabata basi ya ku Anuradhapura,
kukagona pambali pa makina ena, aakulu,
okutsukani magazi poti impso zinali zitagonja.
Madokotala sanakambe chimodzi:
wina ati chitsime, wina ati mankhwala a m'munda, wina ati dzuwa.
Inu munangoti: ndatopa.

Lero ndi nzeru yomweyo, m'kabokosi,
kusefa madzi asanalowe m'thupi
m'malo mosefa munthu.
Tinayambira kumapeto, mwamuna wanga.

Pali kapaipi kachiwiri, kakuda,
komwe Thusitha sanakatchule msanga.
Kapu imodzi ikamadzaza, zina ziwiri zimatulukira uko,
madzi okanidwa, osenza milandu ya anzawo.
Anati ndiwataye m'ngalande.
Ine kutaya madzi?
Chaka chino chomwe dziwe la m'mudzi laonetsa msana?
Ndimawatchera m'ndowa,
ndikolopera pakhonde, nditsukira njinga yanu
yomwe palibe akuikwera.
Ndinayesa kuthirira tsabola; masamba anapsa m'mbali.
Ndinaima pamenepo nthawi yaitali.

Kukoma kwake musandifunse.
Sakoma, saipa. Ali ngati mlendo waulemu
wosanena komwe wachokera.
Mlongo wanu Somalatha analawa, nakwinya nkhope,
nati awa ndi madzi opanda kwawo.
Koma tiyi akutuluka wofiira bwino, icho ndivomere,
ndipo ketulo yatsopano ikadali mbee pansi.

Chitsime ndachivundikira ndi lata, mwala pamwamba.
Pampu ikukokabe momwemo.
Madzulo ena ndimasuntha latalo
kungoona nkhope yanga ili pansi, ikugwedezeka
pomwe inkaonekera pamodzi ndi yanu.
Sindichida ayi.
Ngati n'chomwecho chinakutengani, nachonso sichinkadziwa.

Thusitha walemba tsiku pakhoma ndi pensulo,
loti adzabwere kudzasintha sefa.
Mtengo wake sindinamuuze Hasanthi.
Ndikusunga m'chitini cha mabisiketi
za kokonati wa kuseri kwa nyumba.

Mdzukulu wanu Sithum, wa zaka zinayi,
amakwera pampando, natsegula kampopi yekha,
kudikira, lilime kunja,
poti makinawa sadziwa changu.
Iye kukoma kwina sakudziwa.
Dzulo wamwa, napukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja
monga munkachitira inu,
nandipatsa kapu ili theka.
Imwani, akuti, ndakusiyirani.

Ndinamwa.