Batani la Leveni

Magetsi anathima ndili mkati mosunga.
Kamzere kobiriwira kanali katafika pakati,
kenako mdima,
ndipo chigayo cha a Mpinganjira kuseri kwa khoma
chinatsokomola kawiri n'kungoti zii.

Atayaka, cha m'ma teni usiku,
sampula yanga, ija anabwera nayo mlamu kuchokera ku Joni,
ya mabatani sikisitini, awiri ofufutika,
inandiyang'ana ndi kawindo kake
n'kunena m'chingerezi chake chachidule
kuti fayiloyi siikuidziwa.

Muli masabata atatu m'menemo.
Muli belu la wakabaza wa pa Kaphatenga,
chitseko cha kontena chikulira dzimbiri,
mpunga ukupetedwa, tche tche, womwe ndinausandutsa chisekese,
ndi Twaibu.

Ndinazimitsa, ndinayatsa.
Ndinatulutsa khadi, kuiuzira ngati moto wa nkhuni zaziwisi,
kupukuta mano ake agolide ndi sipiriti wa ku babashopu.
Ndinaibwezera mwaulemu.
Ndinaibwezeranso mwamwano.
Yankho lomwelo.

M'mawa ndinapalasa mpaka ku Msangu,
kwa Asiyatu wokonza mafoni,
amene laputopu yake imatseguka ndi labala.
Anati, usalembemo kanthu kena, ukwirira maliro.
Koperani kaye zonse, ngakhale zonunkha.
Tinakopera.
Fayilo yaikulu inali ndi dzina, inali ndi tsiku,
koma kulemera kwake ziro:
thumba lolembedwa fetereza, mkati mphepo.

Pansi pake panali ina, yotuwa,
imene makina anadzisungira okha Lolemba osandiuza.
Tinaisintha dzina, kuiveka malaya a mkulu wake.
Sampula inaiwerenga mpaka pena pake
n'kuuma, magetsi onse ofiira
ngati maso a munthu wogona ku siwa.

Ndiye kuti mfiti ili m'nyumba momwemo, anatero Asiyatu.
Tulutsani ana onse, muziwalowetsa mmodzimmodzi.

Belu linalowa. Bwino.
Chitseko chinalowa.
Mpunga, ng'oma, besi yomwe ndinaiba kwa jenereta ya pa filing'i,
zonse zinakhala m'malo mwake,
thukuta la Okutobala likudontha pa mabatani.
Latsala la leveni.

Ndinkadziwa kale.
Twaibu ndinamujambula mu Juni, pa benchi ya telala,
akuseka nkhani ya mbuzi imene inakwera minibasi ya ku Chipoka,
masekondi asanu ndi anayi,
asanapite ku Lilongwe ndi chifuwa chija
n'kubwerako pa lole, tonse titaimirira.

Ndikamulowetsa, makina akuuma.
Ndikamutulutsa, nyimbo ikuyenda.
Ndinayesa kanayi, ngati wosamva.

Asiyatu anatsegula mawuwo pa laputopu.
Mutu wa fayilo unali wophwanyika, anatero,
koma thupi lilipo ndithu.
Anadula mutu wa belu n'kumuika Twaibu.
Tinamvera.
Masekondi awiri oyamba, iye ndithu,
mpweya uja ankakoka asanaphulike,
ndi ha mmodzi.
Kotsalako mchenga wokhawokha,
wailesi yosochera pakati pa masiteshoni.

Tifufute phokosolo? anafunsa.
Kunja wina ankatsutsa mtengo wa chaja.
Ndinati ayi, dulani pomwe pathera ha,
koma mchengawo mundipatse pawokha.

Tsopano ndili ndi makhadi awiri
ndi kabatire kamene ndinagula pangongole.
Ndimasunga kawiri, mayina osiyana,
ndipo chigayo chikayamba kusintha mawu ndimachotsa dzanja.

Nyimbo ija inatha Loweruka.
Pa leveni pali mpweya ndi ha.
Pa thwelofu, batani lofufutika lija,
ndinaikapo mchenga, motsitsa kwambiri,
pansi pa mpunga.
Mlamu atamvera anati sipika yako yang'ambika.
Sindinamuyankhe. Ndinangodinanso.