Dontho Lokana Banja

Zaka khumi ndi zinayi ndakankha ngolo iyi
m'fakitale ya zitsulo ku Makata:
kuchoka kwa odula, kupita kwa oboola,
kubwerera kwa opinda, kumapeto uko kodontha mvula.
Kahinjesi kochepa ngati chikhatho cha khanda
kankayenda mtunda wokafika ku Ndirande
kasanaone n'chitseko chomwe.

Ndiye kunabwera Esinala Makwinja,
ovololo yake ikadanunkha sitolo,
choko m'thumba, kope kukhwapa.
Masiku atatu ananditsata osalankhula,
akuwerenga mapazi anga
ngati ndinam'bera kanthu.

Lachinayi anandionetsa pepala:
mayina a makina pamwamba, a zitsulo m'mbali,
kadontho paliponse pomwe ziwirizi zimakumana,
mbwee! ngati mpunga wotayikira pa simenti.
Anasuntha mzere uwu, nasinthanitsa uwo ndi uja,
kufufuta, kuyambiranso,
magetsi n'kuzima, iye n'kuyatsa foni,
mpaka madontho anaunjikana milu itatu.
"Awa ndi mabanja," anatero.
"Hinjesi ndi loko n'pachibale,
amadulidwa, kubooledwa, kupindidwa mofanana.
Nanga bwanji amayenda njira za alendo?"

Loweruka tinazula makina.
A Likoswe anatukwana tsiku lonse,
poti oboolera awo anakhala pawindo paja
kuyambira iwo asanamere imvi.
Pansi panatsala zipsera za mafuta,
zinayi zinayi, ngati pochotsa bedi la womwalira.

Koma dontho limodzi linakana.
Ekiselo ya wilibala imafuna moto wa banja loyamba
kenako makina osemera a banja lachitatu,
ndipo makinawo alipo amodzi okha;
ena, akutero abwana, mtengo wake ndi nyumba ku Namiwawa.
Esinala analikankhira uku, mulu wina n'kugumuka.
Analikankhira uko, chimodzimodzi.
Pomaliza analizunguliza ndi cholembera chofiira
n'kulisiya panja, lokha.

Lero hinjesi imangodutsa dzanja ndi dzanja,
mapazi asanu, yatha.
Okankha ngolo tinalipo anayi.
Awiri anaphunzira kuwotcherera.
Fulaye ndinamuona ku Limbe, akugulitsa malamba.
Ine ndatsala ndi ekiselo,
kawiri m'mawa, kamodzi masana,
kudutsa pakati pa mabanja a eni ake,
gudumu likulira monga kale.

Ndikafika pakhomo pa ofesi ndimachepetsa liwiro,
n'kusuzumira pepala lija pakhoma
kuona ngati bwalo lofiira likadalipo.