Kabokosi Kakuda Pambali pa Batire

Galimoto ndinaigula Loweruka
kwa namwino wa ku Mabelreign
amene ndege yake inkanyamuka Lachiwiri.
Madola anga anawawerenga kawiri,
nandipatsa kiyi mmodzi womangidwa pa chingwe cha nsapato.

Lamulungu m'mawa, kwathu ku Mufakose,
ndinatsegula boneti kuti ndione madzi.
Pambali pa batire, pomwe dzanja limalowa chopendekera,
panali kabokosi kakuda
kukula kwake ngati sopo wotha theka,
komangidwa ndi timalamba tiwiri tapulasitiki.
Waya wofiira, waya wakuda,
ndi kadiso kobiriwira:
phethi, kupuma, phethi.
Dzina lake linapsa kalekale ndi moto wa injini,
kunangotsala zilembo zitatu zosanena kanthu.

Garikai wa kuseri kwa mpanda, mswachi uli m'kamwa,
anasuzumira nati, kazitape ameneyo,
pali munthu akudziwa pomwe waima.
Mlamu wanga anati ayi, n'kochepetsa mafuta,
mnzake wina anali nako, kanamuphera injini.
Mnyamata wogulitsa matayala anati akuba amaika dala,
tsiku lina idzangozima pa maloboti a ku Kambuzuma
iwo ali pambuyo pako.
Esinati sananene kanthu.
Anangoseka uku akuyanika malaya anga,
ndipo kuseka kumeneko ndinagona nako,
ndikuwerenga malo amene ndinapitako osamuuza,
kuiwala kuti galimotoyo yagona pakhomo usiku umodzi wokha.

Lolemba ndinatenga pulayasi.
Dwe! wofiira. Dwe! wakuda.
Kadiso kanatsinzina.
Ndinakaponya m'dilowa momwe mumagona mafoni akufa,
ndipo ndinayenda masabata atatu ngati munthu wopanda ngongole.

Kenako m'mawa wina wa chisanu
ndinapotokola kiyi: zii.
Ndinapotokolanso: zii.
Tinaikoka ndi chingwe mpaka ku Gazaland,
kwa a Mtambalika a zamagetsi,
obadwira ku Highfield, bambo awo a ku Dedza,
amene Chichewa chawo chimatuluka chitavala jekete la Chishona.
Anapisa dzanja kuseri kwa injini
natulutsa makoko a chimanga, thonje la m'mpando,
timanyi takuda ngati mpunga wopserera,
ndi mawaya asanu ndi awiri otafunidwa mpaka pamkuwa.
Analoza timalamba todukaduka tija:
apa panali chiyani, mwanawe?

Ndinakatulutsa m'thumba ngati mboni yanga.

Anakagwiritsa ku batire la pabenchi.
Phethi.
Ine sindinamve kanthu, iwonso sanamve kanthu,
koma kamdzukulu kawo kosunga masipanala
kanatseka makutu n'kuthawira panja,
mphaka wa pagalaja n'kutsika pa tayala
kupita osatsanzika.

Kamalira aka, anatero a Mtambalika,
kulira kosongoka kuposa singano,
makutu athu akuluakuluwa anagontha kale kumeneko.
Makoswe ndiwo amamva, n'kusamuka.
Unachotsa mlonda ntchito
chifukwa sunamumve akutsokomola.

Madola makumi asanu ndi atatu.
Kabokosi anakabwezera pamalo pake ulere,
koma anaseka mpaka kukhosomola,
ndipo pofika madzulo Gazaland yense anali atandidziwa.

Namwino uja sanandiuze.
Mwina anaiwala, mutu uli pa masutikesi,
mwina ankaganiza kuti chinthu chogwira ntchito yake
sichisowa womulankhulira.

Masiku ano magetsi akazima ku Mufakose
ndimatuluka ndi kabudula, n'kuyedzamira boneti lozizira.
Kuseri kwa mpanda chimanga cha Garikai chikuswanyika,
alendo ake akudya.
Ndimagunditsa khutu pa chitsulo.
Zii.
Esinati pazenera amafunsa ngati ndamva kanthu.
Ndimati ayi, palibe,
n'kubwerera kukagona mtima uli m'malo.