Dzira la Njuchi ndi Phiri la Stol

Ku Ljubljana, pansanjika yachitatu ya chipatala cha maso,
Dokotala Hribar anandiikira m'dzanja
kagalasi kochepa kuposa chikhadabo cha khanda,
kofewa, ka timikono tiwiri topindika.
"Aka n'kachitsanzo chabe, Bambo Alojz.
Tikachotsa ng'alayo, mpando wake sukhala wopanda mwini.
Sankhani wodzakhalapo."

Ndinaseka. Zaka zonsezi
palibe anandifunsapo maso amene ndikufuna.
Ndinangowapeza pankhope, monga ndinapezera dzina.

Anajambula timagalasi titatu papepala.
Ka kutali: mudzaona phiri la Stol ndi chipale chake,
koma nyuzipepala idzakupemphani mandala.
Ka pafupi: mudzalowetsa ulusi pasingano,
koma nambala ya basi mudzafunsa anzanu.
Kachitatu kamatumikira mabwana awiri,
n'chifukwa chake usiku kamaveka nyali zamagalimoto mikombero,
ndipo mtengo wake inshuwalansi siudziwa.

Mayiyu sadziwa njuchi.
Sadziwa kuti dzira lake ndi kadontho koyera
koimirira pansi penipeni pa kachipinda ka chisa,
kuti amene saliona amaweta njuchi mongolota.
Chaka chathachi ndinataya ming'oma iwiri
ndikuti mfumukazi ilimo,
pamene inali itafa kalekale.
Sadziwanso kuti mu Meyi khamu likathawa
limafuka ngati utsi kuseri kwa tchalitchi cha Breznica,
ndipo ukachedwa kuliona komwe latera
uchi wa chaka chonse wasamukira kwa mnansi.
Ntchito yanga ili kunsonga kwa mphuno,
ntchito yanga ili kutsidya kwa dambo.

M'basi yobwerera Zdenka anati,
"Tenga ka kutali, uzindiona ndikuchokera kumsika
n'kudzandilandira katundu.
Pafupi wandiona mokwanira."
Kenaka anatsamira pazenera n'kugona,
ine ndikuyang'ana khutu lake,
chinthu chokhacho chimene chinali chisanalowe m'nkhungu.

Nditabwererako ndinafunsa ngati maso awiri
ayenera kugwirizana pa chilichonse.
Dokotala anaika cholembera pansi.
Anati zimatheka: lamanja kutali, lamanzere pafupi,
ubongo n'kuphunzira kumvera lililonse panthawi yake.
Ena amazolowera. Ena masitepe amawanamiza.
"Ndipo tikaika, taika. Si nsapato zobweza kusitolo."

Anandipatsa timagalasi tomata padiso, toyesera sabata imodzi.
Lolemba ndinathira khofi pambali pa kapu.
Lachitatu ndinaponda sitepe imene kunalibe,
Zdenka n'kutchula mayina a oyera mtima atatu.
Loweruka, nkhungu ikadalimo ndithu,
ndinakweza chisa kuloza dzuwa,
diso lina n'kutsikira m'timaenje,
lina likadali kumitengo ya kumalire,
ndipo sanakangane.

Papepala losainira sindinaone mzere.
Namwino anagwira chala changa n'kuchiika pamalo pake.

Mawa m'mamawa ayamba ndi lamanja.
Usiku uno ndakhala pakhonde nyali ili chiyakire,
ndikuionera komaliza monga ndaionera zaka zisanu,
yachikasu, yotupa, yopanda malire ake.
Akuti zoyera zidzayera mpaka kundidabwitsa,
kuti ndidzaona fumbi pamashelefu ndi makwinya atsopano.
Ming'oma ikung'ung'udza mumdima kumunsi kwa munda.
M'katimo mulibe nyali,
koma mfumukazi siphonya kachipinda.