Lachitatu m'Chipinda cha Matumba

Magazi anawatsuka ndi sopo ndi madeya.
Khoma analimata, nalipaka laimu,
koma mabowo asanu aja ndimadziwa pamene ali
monga lilime lidziwira pamene panazuka dzino.

Chigayo chinatsegulidwanso sabata yachiwiri.
Mpunga wa kilombero sudikira maliro.
Amayi a ku Lozi anafika ndi matumba pamutu,
ine ndinakhalanso pa sikelo
kulemba makilo m'kabuku
cholembera chikuvina chokha m'dzanja.

Tsiku la malipiro lija tinalipo khumi ndi anayi.
Lero tilipo khumi.
Asedi. Lufeyo. Mwanaisha wa pa kauntala.
Ndi mnyamata wa ganyu uja
amene dzina lake tinalimvera kumanda.

Usiku tulo sitibwera.
Njinga yamoto ikaphulika pa msewu wa ku Dwangwa
ndimangopezeka ndili pansi pa bedi,
mwana wanga Ndaziona atasuzumira:
"Ababa, mukufunako chiyani kumeneko?"
Ndimati kandalama kagwa.

Kenako anabwera mayi Kalilangwe
a ku chipatala, ndi kachikwama koduka zipi.
Abwana anati Lachitatu lililonse, ola limodzi,
pa malipiro sadula.
Tinaseka. Ife tapenga?
Bizaliele anati mwamuna salira,
madzi akatayika saoleka, tiyeni ku ntchito.

Mayiwo sanatsutse.
Anayala matumba opanda kanthu mozungulira
kuti tikhalepo.
Anayala khumi ndi anayi.
Palibe anachotsa anayi otsalawo.

Tsiku loyamba tinakamba za mtengo wa feteleza.
Sabata yotsatira, za mpira.
Yinayo a Msosa, alonda athu,
amene chichitikireni zija sanatsegule pakamwa, anati:
"Geti ndinatsegula ndine.
Anati ndi ogula mpunga."

Zii.
Kunja lamba wa chigayo ankangozungulira.

Mayi aja sananene kuti musadandaule.
Sananene kuti zinalembedwa.
Anafunsa: "Katunduyu mwamusenza nokha masabata angati?"
Ndipo Bizaliele, mwamuna wosalira uja,
anabisa nkhope m'chipewa chake chotuwa ndi fumbi la mpunga,
mapewa akugwedezeka ngati sefa.

Anatiphunzitsa kupuma.
Tangoganizani, ine wa zaka makumi anayi
kuphunzitsidwa kupuma!
Kokani mpweya, werengani mpaka zinayi, tulutsani pang'onopang'ono.
Tchulani zinthu zisanu zimene maso akuona:
tsache, chingwe, nsapato yong'ambika ya Bizaliele,
nyerere yonyamula njere,
dzuwa lolowera pa bowo la lata.
Muli pano. Lero ndi Lachitatu. Tsiku lija linapita,
thupi lokha ndi limene silinamve uthengawo.

Mwezi wachiwiri kunabwera osalembedwa m'kaundula wa ntchito.
Nasiyani wogulitsa zitumbuwa pa geti,
amene mafuta akathetheka m'chiwaya amathawa.
Ana awiri a sukulu amene anadutsa njira yachidule tsikulo.
Mkazi wa Asedi, atafunda mpango wakuda,
sanalankhule, anangokhala pa thumba la mwamuna wake.
Shehe ndi abusa anakhala kumbuyo,
tsiku limenelo osalalikira.
Matumba anachepa. Tinatuluka panja, pansi pa mtengo wa mango.

Sindinachire, musandimve molakwa.
Nyama yofiira pa bucha sindiiyang'anabe.
A Msosa anasiya ntchito, akulima chinangwa kwawo,
koma Lachitatu amapalasa njinga kubwera.

Dzulo usiku njinga yamoto yaphulikanso.
Ndinapezekanso pansi pa bedi.
Ndaziona anasuzumira, kuti andithandize kufuna kandalama.
Ndinati, "Palibe ndalama, mwanawe. Ndikuopa."

Anaganiza kaye.
Kenako anakwawira pomwepo, mutu wake paphewa panga,
ndipo tinayamba kutchula zimene tikuona:
mwendo wa bedi, kangaude,
nsapato yake imene inasowa chaka chatha.